Ndulu yachoka, nanga makapisozi ndi a chiyani?

Pakati pa 2010 ndi 2012, madokotala a m'zipatala 17 za ku France anachita chinthu chimene anzawo ambiri akanachitcha kuseweretsa moyo wa odwala. Anatenga anthu 414 amene ndulu zawo zinatupa mwadzidzidzi chifukwa cha timiyala, n'kuwagawa pawiri. Onse analandira amoxicillin wophatikiza ndi clavulanic acid asanalowe ku fiyeta. Ndulu itachotsedwa, gulu lina linapitiriza mankhwalawo kwa masiku 5, pamene linalo linasiyira pomwepo.

Zotsatira za kafukufukuyu, yemwe anamutsogolera ndi Jean-Marc Regimbeau wa ku Amiens, zinatuluka mu 2014 m'magazini ya zachipatala ya JAMA. Mwa amene anapitiriza mankhwala, 15 pa 100 alionse anavutikabe ndi tizilombo, ena bala kuchita mafinya, ena mafinya kuundana m'mimba. Mwa amene sanapitirize, anali 17 pa 100 alionse. Kusiyana kotereku n'kosanunkha kanthu.

Chifukwa chake chili m'mene matendawa amayambira. Aliyense amene anatumbulapo nkhuku amakadziwa kathumba kobiriwira komatirira pachiwindi, kaja timakadula mosamala kuti kangaphulike n'kuwawitsa ndiwo. Mwa munthu kamakhala pansi pa nthiti za kumanja, ndipo kamasunga madzi owawa ochokera kuchiwindi, othandiza kugaya mafuta. Kamwala kakatseka potulukira, madziwo amasowa kolowera, kathumba kamafufuma, khoma lake limatupa. Munthu amamva kubaya pansi pa nthiti, nthawi zina mpaka kuphewa, amasanza, thupi limatentha. Choyambitsa ndi kutsekekako. Tizilombo ta m'matumbo monga E. coli ndi Klebsiella timabwera pambuyo, kudzaswana m'madzi osayendawo. Dokotala akatulutsa kathumbako, nyumba ya tizilomboto yatuluka nako, ndipo totsalira tochepa thupi limathana nato lokha.

Ofufuza a ku Netherlands mu 2017 ndi a ku Argentina mu 2018 anapezanso zofanana ndi za ku France zija. Malangizo a Tokyo Guidelines a 2018, omwe madokotala a maopaleshoni m'mayiko ambiri amatsatira, amagawa matendawa m'magawo atatu malinga ndi kukula kwake. Pa magawo awiri oyamba, amati maantibayotiki atha kusiyidwa pasanathe maola 24 chichitireni opaleshoni.

Koma apa pasakhale kumva mokhota. Amene anasiyitsidwa mankhwala m'kafukufuku wa ku France uja ndi aja matenda awo anali asanafike poipa. Pali ena amene dokotala akatsegula amapeza ndulu itaola, itabooka, mafinya atamwazikira m'mimba. Pali enanso amene tizilombo talowa kale m'magazi, impso zayamba kufooka, magazi akuthamanga motsika. Amenewa mankhwala ndi moyo wawo, ndipo malangizo omwewo amati apitirize kwa masiku 4 mpaka 7 gwero la matenda litachotsedwa. Ndiye chifukwa chake odwala awiri ogona mabedi oyandikana, ochitidwa opaleshoni tsiku limodzi, wina amatuluka ndi panado yekha pamene mnzake akadali pa diripi. Si kukondera ayi. Woona zimene zinali m'mimbamo ndi amene anagwira mpeni.

Nanga bwanji chizolowezi chopitiriza maantibayotiki ndulu itachotsedwa sichikutha? Mbali ina ndi mantha a madokotala. Bala likachita mafinya wodwala atamwa mankhwala, palibe amaloza chala munthu; likachita mafinya asanamwe, aliyense amafunsa kuti analekeranji kumupatsa. Mbali inanso ndi ife eni. Gadiyani amene wagona pansi masiku angapo akaona m'bale wake akutulutsidwa popanda makapisozi, mtima sukhala m'malo. "Adokotala, basi tizipita chonchi?" Ena potuluka pachipata amangokhotera ku famase kukagula okha amoxicillin, poti pena amagulitsa osafunsa ndi kalata ya dokotala yomwe.

Makapisozi owonjezerawo sapita ulele. Amapha tizilombo tabwino ta m'matumbo, munthu n'kuyamba kutsegula m'mimba bala likadali laliwisi, mwina kutuluka ziwengo. Choopsa kwambiri, totsala timaphunzira kupirira. Ku chipatala cha Queen Elizabeth Central ku Blantyre, ofufuza anatsatira tizilombo topezeka m'magazi a odwala kwa zaka zambiri. Mu 2003, E. coli wosamva mankhwala a mtundu wa ceftriaxone sankafika ndi 1 pa 100. Pofika 2016 anali atakwana pafupifupi 30 pa 100, ndipo kwa Klebsiella chiwerengero chinali chitafika pa 90. Tizilombo tiwiriti ndi tomwe tija timaswana m'ndulu yotsekeka, ndipo ceftriaxone ndiye jakisoni amene zipatala zathu zimadalira munthu akafika ali kayakaya.

Wotuluka m'chipatala popanda maantibayotiki ali ndi ntchito yake: kuyang'anira thupi. Likatentha, bala likafiira kapena kutuluka mafinya, m'mimba mukamapweteka moonjezereka tsiku ndi tsiku, maso akasanduka achikasu kapena mkodzo ukada, abwerere kuchipatala tsiku lomwelo. Zina mwa zizindikirozi zimatanthauza kuti kamwala kanatsalira m'njira ya ndulu kapena madzi a ndulu akudontha m'mimba, ndipo zimenezi makapisozi a ku famase sangazikonze.