Mjigo wa Afridev ndi Mbiri ya Ziphaso za Zipangizo Zosabisa Mapangidwe

Mjigo wa Afridev, umene umapezeka m'midzi yambiri ya m'Malawi ngakhalenso m'madera ozungulira mzinda wa Lilongwe, ndi chitsanzo cha zipangizo zosabisa mapangidwe, ndiko kuti zipangizo zimene mapulani ake, miyezo yake ndi mndandanda wa zitsulo zake zimaikidwa poyera kuti aliyense athe kuziphunzira, kuzipanga, kuzisintha ndi kuzigulitsa popanda kulipira mwini nzeruyo. Ntchito yokonza mjigowu inayambira m'dziko muno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 pa dzina la Maldev, kenaka inapitirira ku Kenya ndi thandizo la World Bank ndi UNDP, ndipo mapulani ake, amene bungwe la SKAT la ku Switzerland lakhala likusunga, alibe wowakaniza. Cholinga chinali chakuti komiti ya mjigo, pokhala ndi sipanala imodzi ndi kachitsulo kokowera, izitha kusolola ndodo zonse n'kusintha malabala otha popanda kuzula mapaipi.

Mjigowu unabadwa ziphaso za zipangizo zotere zisanalembedwe. Maganizo a ziphasozi anachokera kwa olemba mapulogalamu a kompyuta, makamaka ku chiphaso cha GPL chimene Richard Stallman anatulutsa mu 1989, chomwe chimalamula kuti wosintha pulogalamu n'kuigawa aonetsenso poyera zimene wasinthazo. Koma GPL imatsamira pa lamulo la umwini wa zolemba, ngati limene COSOMA imayang'anira m'Malawi, ndipo lamulo lotere limateteza pepala la pulani, pamene nzeru ya kagwiridwe ntchito ka chitsulo chosulidwa potsatira pulaniyo imatetezedwa ndi patenti, imene imadya ndalama zambiri. Pofuna kutseka mpata umenewu, loya John Ackermann analemba chiphaso cha TAPR mu 2007, ndipo mu 2011 bungwe la CERN, lofufuza za sayansi kufupi ndi Geneva, linatulutsa chake motsogoleredwa ndi Javier Serrano. Mu 2020 chiphaso cha CERN chinagawidwa patatu: china chimakakamiza wosintha kuulula pulani ya chipangizo chonse, china chimamukakamiza pa mbali yokhayo imene anatengera kwa anzake, pamene chachitatu chimamulola kubisa zosintha zake, bola atchule kumene anatenga.

Chiphaso ndi mawu a mwini pulani, koma wogula amafunanso umboni. Bruce Perens anayesa ndondomeko yotsimikizira zipangizo mu 1997, koma imene inakhazikika ndi ya bungwe la OSHWA, limene linayamba mu 2012 ndipo linatsegula ndondomekoyi mu 2016. Wopanga chipangizo amalonjeza yekha kuti watsatira tanthauzo limene anthu a ntchitoyi anagwirizana mu 2011, amaonetsa pamene mapulani ali pa intaneti, ndipo amapatsidwa kwaulere nambala yoyamba ndi zilembo ziwiri za dziko lake, kuti aidinde pa chipangizocho.

Apa m'pamene ambiri amasokonezeka, ndipo kusokonezekako kumapweteka anthu osauka. Chidindo cha OSHWA chimangonena kuti pulani sinabisidwe. Sichinena kuti chipangizocho n'cholimba kapena kuti sichingavulaze munthu. Wachinyamata wa ku Lilongwe amene walumikiza kachipangizo kotumiza uthenga pa mafunde a wailesi, ngakhale atatsatira pulani yapoyera ngati ya Arduino, akafuna kukagulitsa ayenerabe kufunsa za chilolezo ku MACRA, imene ili ndi maofesi ku Area 13, ndipo za ubwino wa katundu mwini wake ndi Malawi Bureau of Standards, yokhazikitsidwa mu 1972.

Afridev yemweyo akuonetsa kulemera kwa nkhaniyi. Popeza fakitale iliyonse ili ndi ufulu womupanga, ndipo mijigo yambiri imachokera ku India, mitengo inatsika ndipo masipeya anafika mpaka m'magolosale a m'maboma, chimene chili chipatso chenicheni cha pulani yapoyera. Koma ufulu womwewo umalola wopanga wosakhulupirika kupungula miyezo, n'kutumiza ndodo zimene zimachita dzimbiri msanga kapena labala limene limang'ambika pakangopita kanthawi, ndipo amene amasonkhanso ndalama ndi amayi a pa mjigo. N'chifukwa chake ogula mijigo m'malo mwa boma ndi mabungwe ayenera kulemba m'mgwirizano mtundu weniweni wa mapulani a SKAT amene akutsatidwa, ndi kutumiza woyeza wosakondera kuti akaone katunduyo asanakwezedwe m'galimoto yopita kumudzi.