Tisanagule pampu, tiwerenge mitengo

Aliyense amene wadutsa pa Mwanza m'miyezi yozizira akudziwa mmene mseu wopita ku Zobue umakhalira. Manachesi amakhala mbwee m'madengu ndi m'mabeseni, ogulitsa akuthamangira minibasi iliyonse imene yaima, ndipo wogula ndiye amalamula. Ikafika Okutobala, chipatso chomwecho chimasowa. Poona zimenezi ambiri a ife timafulumira kunena kuti mankhwala ake ndi ulimi wamthirira. Ena afika potchula mphesa, poti m'masitolo akuluakulu a mu Blantyre kapaketi kakang'ono kochokera ku South Africa kamadula koopsa. Maganizowa si oipa ayi. Koma ndalama isanatuluke m'thumba pali funso loyenera kufunsa: kodi anzathu abzala kale zochuluka bwanji?

M'chinenero chathu mawu akuti mtengo ali pawiri, pali wa pamsika ndi wa m'munda. Pa ulimi wa zipatso, wa pamsika umanena zakale. Umatiuza zimene anthu anabzala zaka zingapo zapitazo. Wofuna kudziwa za kutsogolo ayang'ane mitengo ing'onoing'ono imene sinayambe kubereka. Mlimi wa soya akalakwitsa chaka chino, chaka chamawa amabzala mtedza. Wa mphesa alibe mwayi umenewo, chifukwa mpesa umatenga zaka pafupifupi zitatu kuti upereke zokolola zooneka. Nachesi womezanitsa amafuna zaka zitatu kapena zinayi, pamene wochokera ku njere amatha zaka 6 ngakhale kuposerapo. Nthawi yonseyo pampu, mapaipi ndi thanki zimakhala zitalipiridwa kale, mwinanso ndi ngongole. Ngati anthu 200 akopeka ndi mtengo wabwino wa chaka chimodzi n'kubzala mtundu umodzi, onsewo adzakumana pamsika sabata imodzi, ndipo palibe adzaseke.

Izi zinachitikadi ku Australia. M'zaka za m'ma 1990 alimi a m'mbali mwa mtsinje wa Murray anadzaza minda yamthirira ndi mphesa zopangira vinyo. Zipatso zinachuluka kuposa ogula. Kenaka mu 2020 dziko la China, limene linkagula vinyo wawo wambiri, linaika msonkho umene unafika popitirira 200 peresenti. Msonkhowo unachotsedwa mu 2024, koma alimi ena anali atayamba kale kuzula mipesa imene anaithirira kwa zaka zambiri.

N'chifukwa chake maiko amene amadalira zipatso amachita kalembera wa mitengo monga timachitira ndi anthu. Ku South Africa bungwe la alimi a mphesa zodyera la SATI limasindikiza chaka ndi chaka kuchuluka kwa mahekitala a mtundu uliwonse, chigawo ndi chigawo, monga kwa Orange River ndi Hex River. Bungwe la alimi a malalanje ndi manachesi, Citrus Growers' Association, limachitanso chimodzimodzi. Wofuna kuika ndalama amaona mtundu umene wabzalidwa mopitirira muyeso ndi mwezi umene msika umakhala wopanda katundu. Banki nayo imayamba yaona manambalawo isanabwereketse.

Nanga mphesa zingachite ku Mwanza? Kutentha si vuto. Ku Dodoma ku Tanzania, dera louma ndi lotentha, alimi amakolola mphesa kawiri pachaka. Mdani wa mphesa ndi mvula yogwa zipatso zikupsa: zimang'aluka, zimaola, masamba amagwidwa nkhungu. Popeza mvula yathu imagwa kuyambira Novembala mpaka Epulo, mlimi ayenera kudulira mipesa yake mwakuti zipatso zipse m'chilimwe, ndipo zimenezi sizitheka popanda madzi odalirika m'miyezi imene mitsinje yathu ing'onoing'ono imaphwa. Pamwamba pa madzi onjezanipo mapolo ndi waya zoyangapo mipesa, mankhwala, ndi poziziritsira, pakuti mphesa yothyola sichedwa kufota. Za vinyo ife sitikuziwerengera. Msika umene tikuuona ndi wa mphesa zodya ndi madzi ake osasasa, onga amene timamwa pa Mgonero, ndipo kunena zoona msika umenewo ndi waung'ono poyerekeza ndi wa manachesi.

Ife tikuona kuti madzi oyamba apite ku chipatso chimene Mwanza ndi Neno akudziwika nacho kale. Nachesi wothiriridwa pa nthawi ya maluwa sayoyola maluwa ambiri, ndipo zipatso zake zimakula bwino. Komabe kuthirira mtundu womwewo umene umapsa pamodzi ndi wa aliyense ndi kungowonjezera mulu wa pamseu uja. Phindu lili pa mitundu yofulumira ndi yochedwa kupsa, ndiponso pa kudziwa kuti mitengo yokalamba ndi yodwala ndi ingati. Mudzi umene mitengo yake yambiri yakalamba udzasowa zipatso posachedwa, ndipo wobzala lero adzapeza msika. Mudzi wodzaza mbande zatsopano ukufunika wogula kapena makina ofinyira juwisi, osati munda wina. Za mitundu yoyenera, alangizi a zaulimi ndi a pa malo ofufuzira a Bvumbwe ku Thyolo ndiwo oyenera kufunsidwa.

Kalembera wotere safuna ndege kapena kompyuta yapamwamba. Ife amene tikuphunzira zauphunzitsi tidzakhala ndi ana a Fomu 3 amene amaphunzira Agriculture ndi masamu, koma zitsanzo zawo n'kumangochokera m'buku. Kalasi imodzi, itapempha chilolezo kwa a mfumu ndi kugwirizana ndi mlangizi wa deralo, ingathe kuyenda mudzi umodzi kwa Kanduku kapena kwa Nthache ndi kope wamba. Pakhomo lililonse alembe mtundu wa chipatso, kuchuluka kwa mitengo, imene ikubereka ndi imene sinayambe, yomezanitsa ndi yanjere, mwezi wokolola, ndi kumene madzi amachokera. Za madzizo alembe mu Okutobala, chitsime chikakhala pansi penipeni, osati mu Febuluwale. Chaka chotsatira kalasi ina ibwerere m'makomo omwewo ndi kope lomwelo.