Amisiri a ku Mangochi ndi Ulendo wa ku Joni

M'midzi yambiri ya m'boma la Mangochi, kuyambira ku Namwera mpaka ku Makanjira, muli nyumba za njerwa zootcha ndi malata zimene zinamangidwa ndi ndalama zochokera ku Joni. Koma pafupi ndi nyumba zomwezo pali zina zimene zinaimira pa mawindo, udzu n'kumera m'kati. Kaŵirikaŵiri chifukwa chake n'chakuti mmisiri anachoka, kapena wotumiza ndalama anadwala.

Ulendo umenewu si wa lero. Kale amuna ankalembedwa ntchito ya m'migodi ndi bungwe la Wenela. Mu 1974 ndege ya bungweli inagwa ku Francistown ndi kupha Amalaŵi 74, ndipo boma linaimitsa kulembako. Ulendo unayambanso mu 1977 kudzera ku TEBA, koma unatha mu 1988 pa mkangano wa kuyeza magazi. Masiku ano anyamata amapita paokha pa basi, ndipo ambiri amapeza ntchito pa malo omanga nyumba.

Mmisiri wodziŵa ntchito akachoka, ntchito kumudzi imabwerera m'mbuyo. Mwini nyumba amalemba munthu amene dzulo lomweli anali woponda matope. Khoma limapendekeka, amaligumula ndi kuyambanso, ndipo simenti yogulidwa movutikira imangowonongeka. Mutu umodzi susenza denga: woyala njerwa, wokhoma denga ndi wopaka pulasitala amadalirana, kotero mmodzi akasoŵa onse amaima.

Kumene apitako nakonso kuli zovuta. Pa 6 May 2024 nyumba yosanja imene inkamangidwa mu mzinda wa George ku South Africa inagwa ndi kupha anthu 34, ena mwa iwo Amalaŵi. Koma chimene chimafooketsa antchito ambiri ndi matenda obwera pang'onopang'ono. Fumbi la miyala, mchenga ndi njerwa zodulidwa zili zouma limakhazikika m'mapapo, ndipo mapapo otere sachedwa kugwidwa ndi chifuwa chachikulu. Kugona anthu ambiri m'chipinda chimodzi chopanda mawindo kumafalitsa chifuwacho msanga. Simenti yonyowa imawotcha khungu la manja ndi mapazi. Wopanda zikalata zoyenera amaopa chipatala, namagwirabe ntchito akudwala. Wodwala amayala njerwa zochepa, amajomba, ndipo sachedwa kugwa pa nsanja.

Wokonzeka ulendo ayambe wafika kuchipatala. Ngati akumwa mankhwala a chifuwa chachikulu kapena ma ARV, apemphe kalata yosamukira ndi mankhwala a panjira, chifukwa kudukiza kumalimbitsa matenda. Pa ntchito athire madzi pa chinthu chodulidwa kuti fumbi lisabuke, atseke mphuno ndi pakamwa, avale nsapato zolimba ndi chipewa choteteza mutu.

Wobwerera kumudzi amene akutsokomola kwa milungu iŵiri, kuonda, kapena kutuluka thukuta usiku, apereke makhololo kuti akayezedwe. Mankhwala a chifuwa chachikulu ndi aulere m'zipatala za boma ndipo amamwedwa miyezi 6. Amayi ndi ana okhala naye nyumba imodzi akayezedwenso, makamaka ana osakwana zaka 5. Mmisiri akachira bwino amatha kukweranso nsanja ndi kuphunzitsa anyamata a m'mudzi luso limene anabwera nalo.