Chiyambi cha Nyimbo ya Napolo

Mwa nyimbo zonse zimene zakhalitsa m'dziko la Malawi, palibe imene anthu a ku Phalombe amaimva ndi mtima wolemera monga ya Napolo. Ambiri amaibvina mokondwa, koma inabadwa m'maliro.

Makolo akale ankakhulupirira kuti pansi pa mapiri pamakhala chinjoka chachikulu dzina lake Napolo, ndipo chikafuna kusamukira ku nyanja chimang'amba phiri, nichikokolola miyala, mitengo ndi midzi yomwe. Mu December 1946 mvula ya mainchesi 28 inagwa pa Zomba m'masiku awiri okha. Phiri linagumuka, milatho inapita ndi madzi, anthu anafa, ndipo likulu la Boma la Nyasaland linakhala lopanda njira yotulukira. Anthu anati Napolo wadutsa.

Pambuyo pa tsokali, oyimba magitala otchedwa Paseli Brothers anaika mbiriyo m'nyimbo. Mbale za galamafoni pamodzi ndi wailesi ya ku Lusaka, imene inkaulutsa mau m'Chinyanja, zinaifikitsa kutali, kufikira kwa amuna a kuno amene anali pa nchito ku Harare ndi ku migodi. Motero nyimbo ya mudzi umodzi inasanduka ya pfuko lonse. Mlembi Steve Chimombo nayenso anatenga dzinali m'buku lake la ndakatulo la 1987.

Kwa a ku Phalombe, nyimboyi inaleka kukhala nthano pa 10 March 1991, pamene phiri la Michesi linatsanula madzi ndi miyala pa midzi ndi pa malo a malonda, ndi kupha anthu mazanamazana. Chaka chomwecho Boma linakhazikitsa lamulo loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anabwezanso chisoni chomwecho ku Phalombe ndi ku Mulanje.

Akatswiri amafotokoza kuti dothi la m'mbali mwa phiri likakhuta madzi limalemera ndi kutsetsereka, makamaka pamene mitengo yatha. Mau amenewa satsutsana kwenikweni ndi nzeru za makolo, pakuti onse abvomerezana kuti madzi saiwala khwawa. Chifukwa chake mafumu ndi anthu ao achita bwino kumvera Boma pamene liwalangiza kubzala mitengo ndi kusamuka m'njira za madzi, kuti ana am'tsogolo adzamdziwe Napolo m'nyimbo mokha.