Kuphiri kumapita madzi, mafuta amapita pa mbale

Pa ntchito yanga yolangiza anthu za kadyedwe ndi kulimbitsa thupi, Akhristu anzanga kuno ku Phalombe amakonda kundifunsa kuti: "Ndikasala kudya masiku atatu kuphiri, mimbayi iphwa?"

Sikelo itsikadi, koma chochuluka chimene chachoka ndi madzi. Thupi likasowa chakudya limayamba ndi shuga amene linasunga m'chiwindi ndi m'minofu, ndipo shugayo amasungidwa pamodzi ndi madzi. Mukatsika n'kuyambanso kudya nsima, makilogalamu aja amabwerera. Mafuta enieni amasungunuka pang'onopang'ono, ndipo theka la kilogalamu pa sabata ndi liwiro labwino.

Kusala ndi nkhani ya munthu ndi Mulungu wake, sindikuipeputsa. Nane ndimakwera kukapemphera, ndipo ndimaonda chifukwa chokwera mobwerezabwereza. Tili ndi mwayi kuno. Msewu wa ku Fort Lister, pampata wa pakati pa Michesi ndi Mulanje pomwe atsamunda anamanga linga mu 1893, ndi chitunda chokwanira kwa woyamba kumene. Njira ya ku Sombani idikire kaye mpaka miyendo izolowere.

Bungwe la WHO limalangiza akuluakulu kutakasa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata. Liwiro loyenera mulidziwa ndi mpweya wanu: ngati mukutha kulankhula ndi mnzanu koma kolasi ikukukanikani, mukuyenda bwino. Mawu akamadukaduka, chepetsani. Potsika mpamene mawondo amavulala, makamaka kwa wonenepa, choncho tengani ndodo, pondani pafupipafupi, musathamange.

Komabe thukuta la Loweruka lonse likhoza kuthera pa golosale. Botolo limodzi la chakumwa chozizilitsa kukhosi la 300 ml limakhala ndi shuga wokwana masupuni a tiyi pafupifupi 8. Chotsani mtanda umodzi wa nsima, onjezerani nandolo, nkhwani ndi chisoso.

Kunyumba kulibe sikelo? Dulani chingwe chofanana ndi msinkhu wanu, chipindeni pakati, muchizungulize m'chiuno cha pamchombo. Nsonga zikapanda kukumana, mafuta a pamimba achuluka, ndipo amenewa ndiwo amayendera limodzi ndi matenda a shuga ndi BP. Kafukufuku wa m'dziko muno wa 2009 anapeza kuti munthu wamkulu mmodzi mwa atatu aliyense anali ndi BP yokwera.

Chimandiwawa ndi chakuti munthu akayamba kuonda, pa tchalitchi pomwe pamayamba manong'onong'o akuti akudwala. Ena amasiya khama lawo chifukwa cha zimenezi. Abale, tiyeni tileke.

Inu amene mumamwa mankhwala a shuga kapena a BP, musasale kudya n'kukwera phiri musanaonane ndi achipatala. Ngakhale Eliya, m'buku la 1 Mafumu mutu 19, anadyetsedwa ndi kumwetsedwa asanayambe ulendo wa ku Horebu. Nyamulani madzi, ndipo musapite nokha.