Kutentha, fumbi ndi mame zimapha draivi ya mota mwakachetechete

Mota yaikulu yamagetsi, yonga imene imazunguza chigayo, kuyendetsa lamba wa m'fakitale kapena kupopa madzi a mthirira, ndi chitsulo chopirira. Chosachedwa kufooka ndi bokosi limene limakhala pakhoma pafupi nayo, lija amisiri amalitcha VSD kapena draivi. Magetsi a ESCOM amabwera pa 50 Hz, ndipo mota yolumikizidwa molunjika imathamanga pa liwiro limodzi basi. Draivi imawalandira, n'kuwasandutsa DC, kenako n'kuwabwezeranso ku AC pa mlingo umene ntchito ikufuna.

Kusandutsaku kumatulutsa kutentha. Pafupifupi magawo 2 kapena 3 pa 100 alionse a mphamvu yodutsa mu draivi amathera m'kutentha. Ndiye kuti draivi ya 100 kW imataya 2 mpaka 3 kW, ngati ketulo yamagetsi yosiyidwa ikuwira tsiku lonse m'bokosi lotseka.

Oyamba kuvutika ndi makapasita, timigolo tosunga mphamvu. M'kati mwake muli timadzi timene timauma pang'onopang'ono, ndipo akatswiri amawerengera kuti kutentha kukakwera ndi madigiri 10, moyo wa kapasita umadulidwa pakati. Madraivi ambiri amapangidwa kuti apereke mphamvu zonse pamalo posapitirira madigiri 40. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje, mu Okutobala ndi Novembala, mpweya wapanja pawokha umatha kupyola pamenepo, nanga m'kanyumba ka malata ka pampu masana? Draivi yotere siifa lero. Imayamba kudzizimitsa dzuwa likafika paliwombo, woyang'anira n'kumangoiyatsanso, mpaka tsiku limene idzakaniretu.

Kumapiri vuto ndi lina. Mpweya wa kumtunda ndi wopepuka ndipo suziziritsa bwino, choncho opanga ambiri amalangiza kuchotsera gawo 1 pa 100 la mphamvu ya draivi pa mamita 100 alionse opitirira 1,000. Ku Lilongwe, pa mamita pafupifupi 1,050, n'zosadetsa nkhawa. Ku Dedza, pa mamita ngati 1,600, wogula ayenera kuwerengera.

Nkhani imavuta ikafika pa fumbi. Kuti draivi izizire imafuna mpweya, koma mpweya wa m'chigayo umabwera ndi ufa, wa kokumba miyala umabwera ndi fumbi. Tsegulani draivi imene yakhala chaka m'chigayo osaipukuta: mipata ya chitsulo chotayira kutentha yamatika ndi ufa wolimba, mapiko a fani alemera, fani yeniyeniyo ikulira mosasa. Fumbi la malasha kapena la zitsulo ndiye loopsa kwambiri chifukwa limadutsitsa magetsi. Ukati utseke bokosi kuti fumbi lisalowe, watsekeranso kutentha m'kati.

Apa ndi pamene manambala a IP, ochokera mu muyezo wa IEC 60529, amathandiza. Nambala yoyamba ikunena za zinthu zolimba ndi fumbi, yachiwiri za madzi. IP20 imangoteteza chala kuti chisakhudze magetsi. Ndi ya m'chipinda choyera. IP54 imachepetsa fumbi ndipo imapirira madzi owazika. IP66 siilola fumbi n'komwe, ndipo imapirira madzi a paipi yamphamvu. Ambiri amagula IP20 chifukwa ndi yotsika mtengo, n'kuikhoma pafupi ndi chigayo. Kumeneko si kusunga ndalama. Njira yanzeru ndi ija yotulutsa chitsulo chotayira kutentha kumbuyo kwa bokosi, kuti chiombedwe ndi mpweya wapanja pamene ziwalo zanthete zili m'kati motsekedwa. Bokosi la masefa nalo limagwira, bola pakhale munthu wowasintha.

Chinyontho chimalowa usiku. Draivi ikazimitsidwa n'kuzizira, mame amagwa pa timabolodi ta m'kati, ndipo mame osakanikirana ndi fumbi amapanga njira ya magetsi pamene sipayenera. Kahita kakang'ono ka m'bokosi kamathetsa zimenezi. Kumalo oyeretsera madzi a zonyansa kuli mpweya wonunkha ngati dzira lovunda, wa hydrogen sulphide, umene umadya mkuwa ndi siliva. Kumeneko pamafunika mabolodi opakidwa vanishi yoteteza. Tisaiwale abuluzi, nyerere ndi makoswe, amene amakonda kufunda kwa m'bokosi ndipo amalowera pabowo la waya losiyidwa losatseka.

Wofuna kupukuta draivi azimitse magetsi, adikire mphindi zimene zalembedwa pachivundikiro, kenako ayeze ndi mita asanalowetse dzanja. Pa magetsi a 400 V, makapasita aja amakhala ndi mavoti oposa 500, ndipo samatha nthawi yomweyo switchi ikazimitsidwa.