Magalimoto a turbo atsika mtengo, koma kodi atchipadi?

Mukamafufuza magalimoto ogulitsa pa foni, pakati pa ma Toyota Vitz ndi ma Nissan Note pamatulukira ina yodolola mtima: yogwera pansi, ya matayala otakata, mapaipi a ekizozi awiri kumbuyo. Mwina ndi Golf GTI, Subaru WRX kapena BMW 335i. Mukaona mtengo mumayamba mwapukuta m'maso. Galimoto imene pa utsopano wake ankaifikira ndi anthu a matumba okhaokha, lero siikusiyana kwenikweni ndi galimoto wamba yapabanja. Musanatumize ndalama, dziwani kaye chimene chagwetsa mtengowo, komanso chimene chakana kugwa nawo.

Turbo imagwira bwanji ntchito?

Injini imapeza mphamvu powotcha petulo ndi mpweya. Turbo ndi timapiko tiwiri tolumikizidwa pa kachitsulo kamodzi. Utsi wotentha wotuluka mu injini umazunguza phiko loyamba, ndipo lachiwiri limakankhira mpweya wochuluka mu injini. Mpweya ukachuluka, petulo wambiri amapsa, injini yaing'ono n'kumakoka ngati yaikulu.

Nzeru imeneyi ndi yakale. Alfred Büchi wa ku Switzerland anailembetsa m'chaka cha 1905, ndipo Porsche 911 Turbo ya 1975 ndi imodzi mwa magalimoto amene anaitchukitsa. Koma mphamvu yake ili ndi mtengo. Kachitsulo kaja kamazungulira maulendo oposa 100,000 pa mphindi imodzi, m'kati mwa kutentha kotha kufiiritsa chitsulo, ndipo chimene chimakateteza kwambiri ndi oyilo. Oyilo akada kapena akachepa, turbo ndiyo imayamba kulira.

N'chifukwa chiyani mitengo ikugwa?

Choyamba ndi msika. M'zaka za 2021 ndi 2022 mafakitale ankasowa tizipangizo ta kompyuta toika m'magalimoto atsopano, choncho anthu anathamangira magalimoto akale ndipo mitengo inakwera kwambiri ku America ndi ku Britain. Atsopano atayambanso kupezeka, mitengo ya akale inayamba kubwerera pansi.

Chachiwiri ndi malamulo a mayiko amene magalimotowa amachokera. Ku Japan galimoto imakayezedwa ikatha zaka 3, kenako zaka 2 zilizonse, ndipo kuyezako, kumene amakutcha shaken, kumadya ndalama. Ambiri amaona kuti kuli bwino kugulitsa msanga. Ku London, kuyambira mu Ogasiti 2023, galimoto yakale yosakwaniritsa malamulo a utsi imalipitsidwa mapaundi 12.50 tsiku lililonse limene yayenda paliponse mumzindamo.

Chachitatu ndi mantha a ogula. Aliyense akudziwa kuti galimoto yothamanga inagulidwa ndi munthu wokonda liwiro. Chitsimikizo cha kampani chikangotha, vuto lililonse limagwera mwini wake. Ogula akachepa, wogulitsa sachitira mwina koma kutsitsa mtengo.

Chimene sichitsika

Apa ndi pamene pagona nkhani. Galimoto imakalamba n'kutsika mtengo, koma masipeyala ake sadziwa zimenezo. Mabuleki, matayala ndi giyabokosi amagulitsidwabe pa mtengo woyenera galimoto yodula imene inali poyamba.

Titenge BMW 335i imene inatuluka mu 2006. Injini yake, yotchedwa N54, ili ndi ma turbo awiri, choncho tsiku losintha mumagula awiri. Pampu yake ya petulo inavutitsa eni ake mpaka mu 2010 kampaniyo inaitanitsa magalimoto pafupifupi 130,000 ku America kuti akonzedwe. Golf GTI ya giyabokosi ya DSG imafuna oyilo wa giyabokosi watsopano pa makilomita 60,000 alionse, ndipo si oyilo wongotola pa shelefu iliyonse. Pa Subaru WRX injini inagonekedwa chopingasa, moti mapulagi amabisala m'mbali, pafupi ndi thupi la galimoto. Ntchito imene pa Corolla makaniko amaimaliza inu mukumwa Fanta, apa amayamba wachotsa zina kuti dzanja lifike.

Onjezerani oyilo wa synthetic, matayala opyapyala amene amatha msanga, ndi inshuwalansi. Ku Britain magalimoto ngati amenewa amaikidwa m'magulu a inshuwalansi kuyambira 1 mpaka 50, ndipo othamanga amakhala chakumtunda. Mnyamata amene wangopeza kumene laisensi akhoza kugula galimotoyo koma n'kulephera kuiyendetsa pamsewu.

Pali bodza lina lofunika kulikonza. Amati injini yaing'ono ya turbo siidya mafuta. N'zoona mukamayenda mofatsa. Koma ndani amagula WRX kuti aziyenda mofatsa? Mukaponda kuti turbo iimbe likhweru lake lija, muvi wa petulo umatsika mukuuona.

Ikafika kwathu kuno

Mtengo wa pa foni uja ndi chiyambi chabe. Galimoto yochokera ku Japan imatsikira ku Dar es Salaam, n'kudzalowera pa Songwe, ndipo msonkho wa MRA umayang'ana kukula kwa injini ndi zaka za galimoto. Masipeyala ambiri ndi oitanitsa ku Johannesburg, ku Dubai kapena ku Japan komweko, pa ndalama zakunja. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chitsulo chilichonse choitanitsa chinakwera nthawi yomweyo.

Palinso petulo. Magalimoto othamanga a ku Japan anakonzedwa kuti azimwa petulo wapamwamba wa kumeneko, wa octane pafupifupi 100. Akamwa wotsikirapo, kompyuta ya injini imachepetsa mphamvu pofuna kuiteteza, ndipo ngati mwini wake woyamba anaisintha kuti izithamanga mopitirira, chitetezocho chimachepa. Ndiye pali maenje ndi mahampu. Tayala lopyapyala likamenya dzenje m'nyengo ya dzinja, limu imapindika, bampa yakutsogolo n'kutsala pa hampu.

Ena sakutsika

Si onse amene akugwa mtengo. Nissan Skyline GT-R R34, imene inapangidwa kuyambira 1999 mpaka 2002, inakwera mtengo kwambiri, makamaka chifukwa lamulo la ku America limalola kulowetsa galimoto yotere ikakwanitsa zaka 25. Mitsubishi inasiya kupanga Lancer Evolution mu 2016, ndipo yosamalidwa bwino anthu amailimbirana. Akugwa ndi aja anapangidwa ambirimbiri, ayenda mtunda wautali, ndipo mbiri yawo palibe akuidziwa.

Musanalipire

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pitani ndi makaniko wodziwa ma turbo, ndipo mukafike m'mawa injini isanalizidwe, chifukwa injini yotentha imabisa matenda. Poiliza imani kumbuyo. Utsi wabuluu motuwirako ndi chizindikiro chakuti oyilo akupsa. Makaniko achotse paipi yolowera ku turbo, agwire kachitsulo kaja ndi zala: kakamagwedera mpaka timapiko kukhudza m'mbali, turboyo yatha. Aikenso kompyuta kuti muone ngati pali zolakwika zimene zangofufutidwa kumene. Funsani mapepala a sevisi. Wogulitsa akayamba kuti "Bwana, iyi ndi yongoliza n'kumapita" koma pepala alibe, bwezani ndalama m'thumba.

Galimoto ya turbo ndi yokoma kuyendetsa, ndipo yosamalidwa bwino imakhalitsa. Koma ngati ndalama zanu zonse zikuthera pa kugula, osatsala za matayala anayi ndi turbo yatsopano, galimotoyo simunaikwanitse. Dikirani kaye, kapena gulani yaing'ono imene mungathe kuidyetsa.